Injini Nayonso Ipuma: Mau kwa Eni Magalimoto a ku Lundazi

Anthu ambiri a ku Lundazi amene agwira nchito ku migodi ya Mufulira, Kitwe ndi Chingola ali ndi cinthu cimodzi mumtima: kuti tsiku lopuma pa nchito likadzafika, akalowe m'mudzi mwao ali pa galimoto yaoyao. Kwa ena cimathekadi. Munthu alandira ndalama zace zotsiriza, agula Corolla kapena Noah yocokera ku Japan, imene inatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko pa Nakonde, amanga katundu, nayamba ulendo wa kum'mawa. Pa Chipata apatukira kumpoto, ndipo atayenda makilomita pafupifupi 180 afika pa Boma la Lundazi. Galimoto imeneyo ndiyo khasu la ukalamba wace. Idzanyamula odwala kunka nao ku cipatala, nshawa kunka nazo ku msika, ndi anthu a malonda opita ku malire a Lusuntha.

Cirimwe cimodzi cisanathe, pamene galimoto igona paoneka madontho akuda. Mwini ayamba kuthira oilo sabata iri yonse. Akaima pa msika injini injenjemera ngati munthu wa malungo, ndipo nthawi zina ingozima. Makanika wa pansi pa mtengo atsegula boneti, apukusa mutu, nati, "Atate, injini yatha iyi, ifunika kupasula." Mtengo wa nchito yotere ungathe kudya zokolola za caka cathunthu. Nthawi zina makanikayo anena zoona. Koma si kamodzi kapena kawiri kuti mlandu wonse uli pa kanthu kakang'ono ngati cala ca munthu, ndi pa mapaipi a mphira awiri kapena atatu, zinthu zimene mwini akadatha kuzikonza yekha pabwalo pa nyumba yace.

Kuti munthu amvetse cimene cacitika, ayambe waona m'kati mwa injini. M'mwamba muli masilinda, m'mene petulo wosanganiza ndi mpweya aphulika ndi kukankha mapisitoni. Pansi pali cipinda cotsekeka, m'mene citsulo cacikulu cozungulira citembenuka pamwamba pa oilo wa m'sampu. Cipinda ici ndico mimba ya injini. Colekanitsa moto wa m'mwamba ndi mimbayo ndi malingi a pisitoni, ndipo malingi, angakhale atsopano, satseka kotheratu. Opanga amasiya dala kampata pa lingi liri lonse kuti likatentha lipeze pofutukukira. Injini ya masilinda anai ikamazungulira ka 3,000 pa miniti, moto uphulika ka 6,000 pa miniti yomweyo, ndipo pa kuphulika kuli konse utsi pang'ono upulumukira pansi.

Utsi umenewu ndi woipa. Muli petulo wosapsa, mwaye, asidi ndi nthunzi ya madzi. Ambiri amadabwa kumva za madzi, koma lita imodzi ya petulo ikapsa ibala madzi okwana pafupifupi lita imodzinso. Ocuruka aturukira ku paipi ya utsi kumbuyo, koma ena atsikira m'mimba. M'miyezi ya cisanu, Juni ndi Julai, galimoto yongoyenda ulendo waufupi, kucokera kunyumba kufika pa msika ndi kubwerera, sitentha mokwanira kuti nthunziyo iuluke. Isanduka madzi, isanganizika ndi oilo, ndipo pansi pa cibvundikiro cothirira oilo paoneka zoyererako ngati cambiko. Pakapita nthawi oilo asanduka matope akuda amene atseka tinjira take. Ndiponso utsi ukasowa poturukira udzitsegulira wokha khomo: ukankha oilo pa magasiketi ndi pa masilo, mpaka kutukula kacitsulo koyezera oilo.

Munthu wa pa mgodi safuna kumfotokozera zambiri apa. Adziwa kuti miyala ikaphulitsidwa pansi palibe wolowako kufikira utsi utacoka, ndi kuti mgodi uli ndi njira ziwiri za mpweya, ina yotsitsa wabwino, ina imene fani yaikulu ikokera woipa kumwamba. Imodzi ikatsekeka inzaceyo iribe nchito. Mimba ya injini ipuma comwecho.

Masiku amene Bwana Errol Button anali kumangitsa nyumba ija ya Castle pa Boma la Lundazi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, magalimoto anali kupuma m'njira yapafupi. Ambiri anali ndi paipi yacitsulo yotseguka, yolozetsa pansi, ndipo mphepo yopita pansi pa galimoto poyenda ndiyo inali kukoka utsi. Galimoto ikaima kapena ikamakwawa m'matope, paipiyo inalibe mphamvu. Mpweya wabwino unali kulowera pa cibvundikiro cokhala ndi waya wopotanapotana m'kati, cimene mwini anayenera kutsuka ndi kucinyowetsa ndi oilo. Amene anayendetsapo Land Rover zakale, zimene zinayamba kupangidwa m'caka ca 1948, akumbukira zibvundikiro zotere. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, magalimoto ena ankhondo oyenera kuoloka madzi akuya sakanatha kukhala ndi paipi yotseguka pansi, ndipo anawakonzera njira yakuti injini idziyamwira yokha utsi wa m'mimba mwace.

Cimene cinafikitsa njira imeneyi pa magalimoto a anthu wamba ndi bvuto la mzinda wa Los Angeles ku America, kumene nkhungu yowawa m'maso inali kukuta mzinda wonse. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 katswiri wina wobadwira ku Holland, Arie Haagen-Smit, anaonetsa kuti nkhunguyo ibadwa pamene dzuwa liwomba nthunzi ya mafuta osapsa pamodzi ndi utsi wa mainjini. Kunapezeka kuti gawo lina la mafuta osapsawo linali kuturukira pa paipi ija ya pansi. Cotero kuyambira ndi magalimoto a caka ca 1961, atsopano ogulitsidwa ku California anayamba kubwera ndi kavalavu kochedwa PCV, ndipo maiko ena anatsatira. Cinakonzedwa kaamba ka mpweya wa m'mizinda, koma cinapindulitsanso injini, pakuti oilo anayamba kukhala woyera nthawi yaitali. Lero Corolla iri yonse ya petulo yoyenda pa mseu wa Lundazi iri nako.

Kagwiridwe kace ka nchito nkotere. Injini ya petulo iri ndi kacitseko ka mpweya, kamene katseguka woyendetsa akaponda mafuta. Kacitsekoko kakakhala kotseka, mapisitoni ayamwabe, ndipo m'manifodi, ndiyo mphanda ya mapaipi yogawira mpweya ku masilinda, mukhala mphamvu yaikulu yoyamwa. Paipi ya mphira icokera ku manifodi kufika pa cibvundikiro ca pamwamba pa injini, ndipo pomwepo pali valavu ya PCV. M'kati mwace muli kacitsulo koyenda ndi kasipulingi. Injini ikamalira galimoto iri ciimire, kuyamwa nkwakukulu koma utsi ngwocepa, ndipo kacitsuloko kakokedwa nikasiya kampata kakang'ono. Galimoto ikamayenda ndi katundu utsi ucuruka, kuyamwa kucepa, ndipo sipulingi itsegula njira. Moto ukabwerera m'manifodi valavu itsekeratu kuti usafike m'mimba. Paipi yaciwiri icokera ca ku sefa ya mpweya ndi kulowetsa mpweya wosefedwa. Utsi woipa ubwerera m'masilinda ndi kupsa.

Valavuyi idwala m'njira ziwiri. Ikatsekeka ndi matope a oilo, mimba ifufuma, oilo adontha ponseponse, ndipo wina akwera ndi paipi yaciwiri ija mpaka kunyowetsa sefa ya mpweya. Ikakakamira iri yotseguka, injini ilandira mpweya wopyola muyeso, injenjemera poima, iyamwanso oilo ndi kumtentha, ndipo kumbuyo kufuka utsi wobiriwira. Zizindikiro zonsezi zifanana ndi za injini yakutha, ndico cifukwa cace anthu amanyengeka.

Tsono pali cinthu cimene mabuku olembedwa ku Japan sacilabadira kwenikweni, ndico pfumbi. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala mvula kulibe, ndipo munthu akangosiya tala kuloza ku midzi, kapena kutsata mseu wa ku Chama, ayenda m'mtambo wofiira. Pa lita imodzi ya petulo injini imeza mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000, ndiwo madiramu 45 a malita 200. Wonsewo uyenera kupyola pa sefa. Paipi ya mphira ikang'ambika, kapena wina akaizula ndi kuisiya iri pululu, injini iyamwa pfumbi pa khomo lopanda mlonda. Pfumbi la pa mseu ndi mcenga wosalala. Likasanganizika ndi oilo likhala ngati mwala wonolera mpeni, nilinola malingi, masilinda ndi mabeyaringi tsiku ndi tsiku. Injini imene inali yabwino itha ndithu, ndipo pamenepo mau a makanika aja asanduka oona.

Pali macitidwe atatu ofala amene ayenera kuchulidwa. Ena akaona paipi yodontha oilo aizula, nalowetsa bauti kapena kamtengo m'bowo. Kudontha kuleka pamenepo, koma patapita masabata owerengeka kuyamba pa silo ya kumbuyo kwa injini, imene kuisintha kwace nkutsitsa giyabokosi. Ena alozetsa paipi pansi monga mwa kale, osatseka bwino mbali ya manifodi. Enanso amanga mng'alu ndi malegeni, kapena aikapo paipi yothirira dimba. Malegeni afikitsa munthu kunyumba usiku umodzi, ndipo palibe womtsutsa. Koma mphira ya cubu isungunuka ndi oilo wotentha, ndipo paipi ya m'dimba ikafunda iphwafuka ndi kuyamwa kwa injini, nitseka njira ngati kuti palibe paipi konse. Yoyenera ndi paipi yopirira mafuta, ya makoma ocindikala.

Nchito yokonza siifuna zida zambiri: pulayala, sikuludiraiva, sipanala, palafini pang'ono m'citini, nsanza zoyera ndi botolo la madzi. Mwini aimike galimoto panja, osati m'nyumba yotseka, pakuti utsi wa injini upha wosanunkha. Amange buleki ya dzanja, ndipo adikire injini izizire. Asanazule kanthu ajambule ndi foni m'mene mapaipi ayendera. Magalimoto ambiri ali ndi cithunzi ca mapaipi comatidwa pansi pa boneti, ndipo ngakhale malemba ali a Cijapani mizere iwerengeka.

Valavu ya PCV aipeza potsata paipi yocokera ku manifodi kufika pa cibvundikiro ca injini. Pa injini zakale za Toyota monga 5A ingolowetsedwa m'kamphira kozungulira, ndipo ituruka poipotoza ndi kukoka. Pa 1NZ iri ndi mazinga, nifuna sipanala. Akaicotsa aigwedeze pafupi ndi khutu. Yamoyo ilira ngati kamwala m'citini, yosalira yakakamira. Aiviike m'palafini, aigwedeze, ataye zakudazo, abwereze kufikira palafini aturuke woyera, ndipo aiumitse. Koma kulira kokha sikutsimikiza kuti sipulingi ikali ndi mphamvu, ndipo valavu yakhala zaka zambiri nkwabwino kungoisintha. Pogula achule nambala ya injini, cifukwa mavalavu ofanana kunja asiyana kukula kwa kampata ka m'kati. Kamphira kozungulira kaja kakauma kamasweka, ndipo zidutswa zace zigwera m'kati. Akacotse modekha ndi kuikapo katsopano. Ya mazinga asaimange ndi mphamvu zonse, pakuti cibvundikiroco ndi ca citsulo cofewa.

Mapaipi onse awiri awazule, awapinde ndi kuyang'ana ming'alu, makamaka kunsonga ndi pokhota, kunsi kumene maso safika. Youma ngati nkhuni, kapena yofewa ngati nsima ya dzulo, yatha nchito. Yabwino aitsuke ndi kuuziramo kuti aone ngati mpweya upita. Asaiwale kacitsulo ka pa manifodi pamene paipi ibvalidwa. Kamatsekeka ndi mwaye wouma, ndipo kawaya kakatsegula.

Atabwezera zonse alize injini, atacotsa malaya olendewera ndi kusunga manja kutali ndi fani ndi malamba. Azule valavu pa cibvundikiro, paipi ikali yolumikiza, naike cala kukamwa kwace: cala ciyenera kuyamwidwa ndithu. Aibwezere, atsegule pothirira oilo, naikepo pepala lolimba. Pa injini yopuma bwino pepala likokedwa pang'ono nilikhala. Injini zina zatsopano ziribe valavu yolira, ziri ndi kacikopa ka mphira m'kati mwa cibvundikiro. Kameneko kakang'ambika pamveka likhweru, ndipo cibvundikiro cothirira oilo cikana kutseguka injini ikulira.

Mphamvu yoyamwa ya m'manifodi igwiranso nchito zina, ndico cifukwa cace pansi pa boneti pali timapaipi tambiri tating'ono ngati maudzu. Pa magalimoto akale kena kapita ku disitibyuta kukafulumiza moto. Pa atsopano kena kapita ku cipangizo couza kompyuta kulemera kwa nchito ya injini. Kamodzi kakabooka kompyuta inamizidwa, petulo aonongeka, ndipo nthawi zina nyali ya injini iyaka. Pofuna pobooka, munthu atenge paipi yotsala, nsonga ina kukhutu, inayo aiyendetse pafupi ndi timapaipito. Pobooka palira ngati njoka. Kapena awaze madzi pang'ono ndi botolo lobooledwa, kupewa mawaya a magetsi: madzi akatseka bowo kwa kamphindi, kulira kwa injini kusintha. Ena amawaza petulo, ndipo njirayo igwiradi, koma pa injini yotentha ingathe kutentha galimoto ndi nkhope ya mwini wace. Posintha timapaipi, asinthe kamodzikamodzi. Wozula tonse pamodzi adzagona panja akuyesa kukumbukira.

Paipi imodzi iposa zonse kufunika, ndiyo yonenepa yopita ku cimphika cakuda ca mabuleki, kumbuyo kwa injini ku mbali ya woyendetsa. Cimphikaco cithandiza mwendo wa munthu ndi mphamvu yoyamwa, ndipo pa paipi yace pali valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi yokha. Kuyesa kwace nkwapafupi. Injini iri cizimire, munthu aponde buleki kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kufikira iume, agwirize phazi pomwepo, nalize injini. Buleki iyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi. Ikapanda kutsika, kapena injini ikamanjenjemera nthawi zonse buleki ikapondedwa, galimotoyo isanyamule anthu kufikira bvuto litapezeka. Pa paipi iyi malegeni saloledwa ngakhale usiku umodzi, ndipo valavu yace isabwezedwe cotembenuza.

Apa mpoyenera kunena za cizolowezi ca oyendetsa ena, cozimitsa injini pa mtsetse kuti asunge petulo. Injini ikazima kuyamwa kuleka, ndipo cimphika cija cisunga mphamvu ya kuponda kawiri kapena katatu cabe. Pambuyo pace buleki iuma ngati mwala. Pa miseu yotsika kucokera ku mtunda wa Lundazi kunka ku cigwa ca Luangwa, galimoto yodzaza matumba ndi anthu siingaimitsidwe ndi mwendo wokha, ndipo petulo wosungidwayo sakwana ndi kapu yomwe.

Eni Hilux ndi Canter a dizilo adziwe kuti zao zisiyana. Dizilo alibe kuyamwa kwa m'manifodi konga kwa petulo, cotero mabuleki ace athandizidwa ndi pampu yapadera, imene pa Hilux zakale iri kumbuyo kwa alitaneta. Mimba ya injini ipumira m'paipi yopita ku njira ya mpweya wolowa, ndipo kawirikawiri palibe valavu yolira. Coopsa cace ndi ici: injini ya dizilo itha kuyenda ndi oilo wace womwe. Munthu akathira oilo wopyola cizindikiro, kapena injini ikatha kwambiri, oilo akwera ndi paipi ija, injini ithamanga yokha ndi utsi woopsa, ndipo kiyi saizimitsa. Wopezeka m'zotere aponde buleki kolimba, alowetse giya lapamwamba ndi kusiya kilachi kuti injini itsamwe. Ngati ayesa kutseka polowera mpweya, atseke ndi thabwa, osati ndi dzanja.

Zonsezi zitacitika, mwini atsuke injini kunja kuti madontho akale asamnamize, asinthe oilo ngati anali wamatope, aone sefa ya mpweya, nayende sabata imodzi akuyeza oilo m'mawa muli monse galimoto iri pamalo osapendekeka. Kudontha kukaleka ndipo pepala lija likamakhala pa bowo, ndalama zopasulira injini zatsala m'thumba. Gasiketi imene inang'ambika kale idzadonthabe ndipo ifuna kusintha, koma imeneyo ndi nchito yaing'ono. Ngati valavu ndi yatsopano, mapaipi ndi otseguka, koma pa bowo la oilo paturukabe utsi wopuma ngati mvukuto ndi kuulutsa pepala, pamenepo malingi athadi. Ngakhale apo, asanalole munthu kumasula bauti ndi imodzi yomwe, apite ku galaji imene iri ndi geji yoyezera mphamvu ya silinda iri yonse, aone manambala ndi maso ace.

Amene akali ku migodi ndipo akonzekera ulendo wa kwao angacite bwino kugula valavu ya injini yace, kamphira kace, ndi mita imodzi ya paipi ya saizi iri yonse imene iri pansi pa boneti, asananyamuke. Zonsezo zilowa m'thumba la jekete, ndipo ku midzi ya kwa Mwase kapena kwa Kapichila, kutali ndi Boma, kulibe sitolo yozigulitsa.